Ana a pa Mkeka: Sinodi ya Nkhoma ndi Maphunziro a Tiana m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Sukulu zoyamba m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sizinkafunsa mwana zaka zake. Aliyense wobwera ankapeza pokhala: mnyamata woyamba kumera ndevu, mayi wobereka mwana kumsana, ndi kamwana kamamina kolondola mkulu wake chifukwa kunyumba kulibe wokasiyira. Zonsezi zinayambira pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, pamene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, anakhazikika pa 28 Novembala 1889. Sinodi ya Nkhoma imawerenga tsiku limeneli ngati tsiku lake lobadwa, ndipo m'chigawo chino n'kovuta kulekanitsa mbiri ya mpingowu ndi mbiri ya sukulu.

Mishoni sinachedwe kukwera mapiri. Mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe kwa Msakambewa, pafupi ndi pamene pali boma la Dowa lero. Nkhoma, kwa Mazengera, inatsegulidwa mu 1896, ndipo patapita zaka likulu linasamuka ku Mvera n'kupita kumeneko. Mbali ya Ntchisi inalandira mishoni yake pa Chinthembwe mu 1910. Midzi ya kwa Kasakula, yomwe ili m'zitunda ndi m'makwawa a kumene Ntchisi amagundana ndi Dowa, inali kutali ndi nyumba za njerwa za amishoni, koma sinali kutali ndi miyendo ya aphunzitsi awo. Achiangilikani nawo anakwera kuchokera ku Nkhotakota n'kukhazikika pa Kayoyo, Akatolika anadzamanga pa Mpherere, koma m'midzi yambiri ya m'mapiri muno dzina loti "kusukulu" ndi loti "kutchalitchi" linkatanthauza nyumba imodzi yomweyo, ya Adatchi.

Njira imene mishoniyi inasankha ndiyo yofunika kuimvetsa, chifukwa ikadalipo mpaka pano ngakhale yavala malaya ena. Mzungu ankakhala pa siteshoni n'kumaphunzitsa anyamata osankhika. Anyamatawo akadziwa kuwerenga, kulemba ndi katekisimu, ankatumizidwa kumidzi ngati aphunzitsi, amenenso anali alaliki. Mudzi ndiwo unkadula mitengo, kuponda dothi ndi kumweta udzu. Nyumbayo pakati pa sabata inali sukulu, Lamulungu inali yopemphereramo. Ndalama yolipira mphunzitsi inali yochepa kwambiri, motero iye ankalima munda wake ngati wina aliyense, ndipo sukulu inkayenda motsata khasu: nthawi yodzala ndi yopalira ana ankachepa, m'chilimwe ankadzadza.

Zophunzira zinali zowerengeka. Pakhoma kapena pamtengo ankapachika chipepala cha zilembo, mphunzitsi n'kumaloza ndi kamtengo, ana n'kumayankha pamodzi mofuula mpaka zilembo zitalowa m'mutu. Analibe makope. Woyamba kumene ankalemba ndi chala pamchenga, wotsogolako ankapatsidwa sileti. Panali masamu pang'ono, nyimbo zambiri, ndi mafunso ndi mayankho a katekisimu. Cholinga chinali chimodzi: munthu adziwerengere yekha Mawu a Mulungu m'chinenero chake. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya William Hoppe Murray ndi anzake, Amalawi ndi azungu, inali yomasulira Baibulo, ndipo Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922. Sukulu za kumidzi zinali kukonzera bukulo owerenga.

Kulembetsa ana kunali m'manja mwa mfumu ya mudzi. Nyakwawa ikavomera, sukulu inkamangidwa. Ikakana, mphunzitsi ankapitirira ndi katundu wake. Kuno n'kwawo kwa gule wamkulu, ndipo akuluakulu a kudambwe anazindikira msanga kuti sukulu ikulimbirana nawo anyamata omwewo. M'zaka za m'ma 1920 mkangano wa Nyau ndi mishoni unafika povuta m'chigawo chapakati, ndipo m'midzi ina ana ankachotsedwa m'kalasi kuti akalowe gule kapena chinamwali. Koma panalinso mafumu amene anaona phindu la sukulu n'kuiitana okha. Samuel Josia Ntara, mwana wa sukulu za mishoni yomweyi amene anabadwa mu 1905, analemba mbiri ya mmodzi wa iwo, Msyamboza wa ku Chibanzi, mfumu yolimbikira ulimi ndi malonda imene inalandira chikhristu ili yachikulire. Ntara yemweyu ndiye analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Sileti ya kumudzi inatha kutulutsa mlembi wotere.

Mishoni ya Adatchi inali ndi maganizo akeake pa maphunziro, ndipo apa wolemba mbiri asabise. Inkakonda chinenero cha anthu, ulimi ndi ntchito zamanja, koma Chingerezi inkachipereka mowumira. Pamene mishoni za Livingstonia ndi Blantyre zinkatulutsa makalaliki ndi omasulira, sukulu za Nkhoma zinkafuna mkhristu wokhazikika pamudzi, wodziwa Baibulo ndi khasu. Akatswiri a bungwe la Phelps-Stokes, amene anayendera sukulu za muno mu 1924, ankakonda maphunziro otere. Koma ana ambiri a chigawo chapakati anadzaona kuti anzawo a kumpoto ndi kumwera awatsogolera pa ntchito za m'maofesi, ndipo dandaulo limeneli silinathe msanga. Mbali yabwino inali yakuti mwana wamng'ono ankayamba kuphunzira m'chinenero chimene amalota nacho. Mbali yoipa inali yakuti khomo lotulukira linali lopanikiza.

Boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, chaka chomwecho chimene Nkhoma inalowa mu CCAP, mpingo umene Blantyre ndi Livingstonia anaupanga mu 1924. Kuyambira pamenepo sukulu zinayamba kulowa m'malamulo: silabasi, oyendera sukulu, mayeso, ndi thandizo la ndalama kwa sukulu zokhazo zokwanitsa zofunika. Agogo athu amakumbukira Sabu A ndi Sabu B, makalasi awiri amene mwana ankayamba nawo asanafike Sitandade 1. Ameneŵa ndiwo anali malo ozolowerera sukulu, ngakhale ambiri okhalamo anali aakulu msinkhu. Pang'onopang'ono nkhani ya zaka inayamba kulimba. Popeza makalata a kubadwa kunalibe, aphunzitsi anali ndi muyeso wawo umene aliyense wa zaka makumi asanu amaudziwa: mwana adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Dzanja likapereŵera, abwerere kunyumba akakule.

Nkhoma inakhala Sinodi mu 1956, ndipo mu 1962 mishoni inapereka ntchito zake ndi katundu wake m'manja mwa mpingo wa Amalawi. M'zaka zomwezo za m'ma 1960 pulayimale inakonzedwanso kukhala Sitandade 1 mpaka 8, ma Sabu n'kutha. Mpingo unakhalabe mwini wa sukulu zambiri, koma aphunzitsi anayamba kudya za boma ndi kuphunzitsa zimene boma lalamula. Mphamvu za Sinodi zinapita kumtunda: sekondale ya Robert Blake pa Kongwe, ya William Murray pa Nkhoma, ya atsikana pa Mlanda, ndipo masiku ano yunivesite. Kamwana kaja kolephera kugwira khutu kanatsala panja pa mpanda. Kanangotsala ndi Sande sukulu, kamodzi pa sabata, ndi amayi a Chigwirizano, bungwe limene linayamba mu 1940 ndipo lakhala likuyendera odwala, amasiye ndi mabanja kuyambira pamenepo.

Sukulu ya mkaka monga tikuidziwa lero inabadwira kutauni, ndipo inabadwiranso mumpingo. Yoyamba yodziwika inatsegulidwa mu 1966 pa Henry Henderson Institute ku Blantyre, pansi pa CCAP. Mu 1970 kunakhazikitsidwa bungwe la Association of Pre-school Playgroups in Malawi, limene lero limatchedwa Association of Early Childhood Development in Malawi, ndipo lakhala likuphunzitsa alezi kwa zaka zambiri. Koma kwa nthawi yaitali izi zinali za ana a anthu apantchito a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Kumudzi mlezi anali mkulu wake wa mwanayo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kobereka mng'ono wake, kapena agogo osatha kupita kumunda.

Zinthu zitatu ndizo zinakwezetsa sukulu ya mkaka m'mapiri. Choyamba, mu 1989 boma mothandizidwa ndi UNICEF linayesa njira yoti mudzi uzisamalira ana ake pamalo amodzi, ndipo malo otere ndi amene lero amatchedwa ma CBCC. Chachiwiri ndi Edzi. M'zaka za m'ma 1990 maliro anachuluka, agogo anatsala ndi tiana tambirimbiri, ndipo mipingo, imene inkaimba m'maliro amenewo sabata ndi sabata, inali yoyamba kuona kuti pakufunika poti ana amasiye azisonkhana ndi kudya kanthu. Chachitatu ndi pulayimale yaulere ya 1994, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, pamene chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Fizi itachoka, amayi anayamba kutumiza ku Sitandade 1 ngakhale ana a zaka zinayi, kuti apeze mpata wopita kudimba. Makalasi anasefukira, tiana tinkagona pansi mphunzitsi ali pa bolodi, n'kubwereza kalasi kawiri katatu. Zinaonekeratu kuti ana osakwana zaka 6 akufunika malo awoawo.

Mu 2003 boma linatulutsa ndondomeko yake yoyamba ya maphunziro a mmera mpoyamba. Koma ntchitoyi inaikidwa mu unduna woona za amayi, ana ndi chisamaliro cha anthu, osati wa maphunziro, ndipo ndalama zake zakhala zochepa chaka ndi chaka. Mabungwe analowapo. Mary's Meals inayamba kuphikira ana phala m'Malawi mu 2002, ndipo bungwe la Roger Federer, katswiri wa tenisi wa ku Switzerland, linayamba mu 2011 kugwira ntchito ndi ActionAid yomanga malo a ana ndi kuphunzitsa alezi m'maboma angapo. Komabe katundu weniweni anagwera mudzi. Mudzi utafunafuna nyumba yokhala ndi denga imene imangokhala kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, unapeza tchalitchi. Umu ndi mmene nyumba ya mapemphero inabwererera ku ntchito yake yakale.

Pitani m'mawa ku nyumba yotere m'midzi ya ku Ntchisi, ya CCAP kapena ya mpingo wina. Mabenchi akankhidwira kukhoma, pakati ayala mikeka kapena masaka osokedwa pamodzi. Tsiku lolembetsa mayi amabwera ndi buku la kusikelo, chifukwa ndimo muli tsiku lobadwa la mwana ndi katemera amene analandira; ziphaso za kubadwa zinayamba kuperekedwa mwalamulo mu 2015, koma kumudzi ambiri amadalirabe bukulo. Mlezi amalemba dzina m'kope lachikuto cholimba, pamodzi ndi dzina la mudzi ndi la womulera. Zaka zoyenera ndi 3 mpaka 5, koma wa zaka ziwiri akabwera atagwira siketi ya mkulu wake, palibe amam'bweza. Safunsanso za mpingo. Mwana wa Mkatolika, wa Msilamu kapena wa bambo wa kudambwe amakhala pa mkeka womwewo, ndipo apa mbiri yasintha ndithu: nkhondo ya m'ma 1920 ija sifika pa phala.

Amayamba ndi pemphero ndi kolasi, kenako kuitana mayina. Amaimba masiku a sabata, miyezi, ziwalo za thupi. Amawerengera ndi timiyala, zitsekero za mabotolo ndi njere za chimanga. Zidole ndi zoumba ndi dothi, mpira ndi wa mapepala omangidwa ndi luzi, katungwe ndi chingwe cha pamtengo wa mango. Mlezi wodziwa ntchito amakamba nthano, ana n'kumavomera, ndipo tsiku lina nthanoyo ndi ya Kalulu, lina ndi ya Yosefe ndi abale ake. Kuseri utsi ukufuka. Amayi awiri amene ndi tsiku lawo akutakasa phala la mgaiwa, mwina lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, mbewu zimene Ntchisi amalima kwambiri. Ana amasamba m'manja pa kachigubu kopendeketsa ndi phazi, aliyense n'kutulutsa kapu yake ya pulasitiki. Dzuwa lisanafike pamutu aŵeruka.

Aliyense amene wakhalapo m'komiti ya makolo adzakuuzani kuti kope la mayina limatsatira mphika. Pambuyo pokolola, banja lililonse likasonkha kambale ka chimanga kapena munda wa sukulu ukachita bwino, ana amadzadza mpaka pakhonde. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, utsi umaleka kufuka ndipo ana amayamba kujomba. Kuwonjezera apo mitsinje ya m'makwawa imadzadza, ndipo palibe kholo lingalole mwana wa zaka zitatu kuwoloka yekha. Malo ena amangotseka mpaka chimanga chachiwisi chitacha. Ndiye munthu akamva chiwerengero cha ana olembetsa, ayenera kufunsa kuti chinawerengedwa mwezi uti.

Mlezi ndiye mwini nkhani yonseyi. Kawirikawiri ndi mayi wa pamudzi pomwepo, wa Chigwirizano kapena wa kwaya, amene anasiyira sukulu panjira. Ena anachitako maphunziro a masabata awiri amene akhala akuperekedwa kwa alezi, ambiri sanachiteko. Amagwira ntchito mongodzipereka. M'zaka zaposachedwa boma layamba kupereka kangachepe pamwezi kwa alezi ena, koma ochuluka salandira kanthu, kupatula sopo kapena thandizo la kumunda ngati komiti ili yachifundo. Mphunzitsi wa mishoni wa mu 1910 akanadzuka lero akanamuzindikira mayiyu msanga: nyumba yomanga mudzi, malipiro osaoneka, munda wodikira kunyumba. Kusiyana kwake n'kwakuti mphunzitsi uja anali ndi ulemu waukulu pamudzi ndi chiyembekezo chokwera kukhala mlaliki kapena mbusa, monga anachitira Namon Katengeza ndi Andreya Namkumba amene anadzozedwa mu 1925. Mlezi alibe makwerero otere. Akatopa amasiya, ndipo amene anaphunzitsidwa ndi bungwe amachoka ndi luso lake lonse.

Palinso mtundu wina wa sukulu ya mkaka, umene wamera m'malo a malonda monga Mponela, Madisi, Malomo ndi pa maboma a Dowa ndi Ntchisi. Izi ndi zapulayiveti. Zina ndi za mpingo wa pamalopo, zina ndi za munthu mmodzi, mwina mphunzitsi wopuma ntchito kapena mayi busa, ndipo pa chikwangwani sipalephera mawu oti Christian kapena dzina la m'Baibulo. Makolo ake ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ochita geni, anthu amene onse awiri amachoka pakhomo m'mawa ndipo agogo ali kutali. Pano fizi ndi ya pamwezi kapena pa teremu, pali yunifolomu, mwana amanyamula kachikwama ka chakudya, ndipo ena amasungidwa mpaka madzulo, tiana ta zaka ziwiri tikugona pa matiresi masana. Makalasi amagawidwa potengera zaka. Kumapeto kwa chaka kumakhala mwambo wotsazikana, ana a zaka zisanu atavala mikanjo ndi zisoti ngati a ku yunivesite, makolo akujambula pa foni.

Chimene sukulu zimenezi zimagulitsa kwenikweni ndi Chingerezi. Kholo limafuna mwana akafika kunyumba apereke moni m'Chingerezi, atchule vesi m'Chingerezi, aŵerenge mpaka 100 pamaso pa alendo. Eni sukulu amadziwa kuti fizi imachokera pamenepo. Mbiri ili ndi nthabwala zake: m'dera limene sukulu ya chikhristu inkadzudzulidwa chifukwa chomana ana Chingerezi, lero sukulu ya chikhristu ikuyamikiridwa chifukwa choletsa Chichewa pabwalo. Makolo sindingawanene, poti akudziwa kuti mayeso onse a m'tsogolo adzabwera m'chinenero chimenecho, ndipo njala ya Chingerezi m'chigawo chino ndi yakale. Koma mwana woloweza ndakatulo imene sakumva tanthauzo lake sanaphunzire kanthu koposa mnzake wa kwa Kasakula amene wamva nthano yonse n'kufunsa chifukwa chake Fisi anapusitsidwa. Ndondomeko za boma zimanena kuti pa msinkhu uwu mwana aziphunzira kudzera m'masewera. Pamene pali fizi, masewera amaoneka ngati kuba ndalama za kholo, choncho kamwana ka zaka zitatu kamapatsidwa pensulo ndi homuweki.

Sukulu za mitundu iwiriyi zimayenera kudziwika ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa khonsolo, koma ofesi zimenezi zili ndi antchito ochepa, ndipo misewu ya m'mapiri nthawi ya dzinja imabweza ngakhale njinga yamoto. Woyang'anira weniweni amakhala komiti ya makolo, mfumu, ndi akulu a mpingo amene nyumbayo ndi yawo. Mpingo ukakhala ndi chidwi, zinthu zimaoneka: chimbudzi cha ana chimakumbidwa, achinyamata amalima munda wa sukulu, dzina la mlezi limatchulidwa pa zolengeza za Lamulungu. Ukakhala kuti unangobwereketsa nyumba, tsiku la maliro kapena la msonkhano wa amayi ana amauzidwa kuti lero kulibe sukulu.

Tsopano boma lalengeza zofuna kuika kalasi yokonzekera m'sukulu za pulayimale, kuti mwana wa zaka zisanu azikhala chaka chimodzi asanalowe Sitandade 1. Akuluakulu akamva amati Sabu A wabwerera. Zikatheka, ana a zaka zisanu adzachoka pa mkeka wa kutchalitchi n'kulowa m'kaundula wa boma, monga zinachitikira ndi akulu awo kale, ndipo mudzi ndi mpingo zidzatsala ndi a zaka zitatu ndi zinayi. Kalasi yatsopanoyo idzafuna zipinda m'sukulu zimene Sitandade 1 ikuphunzirabe pansi pa mtengo, ndipo idzafuna aphunzitsi a satifiketi. Alezi ambiri amene agwira ntchitoyi kwa zaka popanda malipiro alibe MSCE, choncho pa mndandanda wa olembedwa ntchito mayina awo sadzapezekapo pokhapokha wina atawatsegulira njira ina.